Thupi Ndilo Khasu Loyamba la Munthu

Mnyamata kapena mtsikana amene wangotsiriza maphunziro a Fomu 4 ku Makwasa amatuluka pachipata cha sukulu ndi chuma cha mitundu iwiri. Chuma choyamba ndi satifiketi, imene amaikulunga m'pulasitiki ndi kuibisa pansi pa sutikesi kuopa chiswe ndi chinyezi. Chuma chachiwiri ndi thupi lake, limene lidzamunyamulira satifiketiyo kulikonse kumene adzapite kukafuna ntchito; ndipo tsiku limene thupilo lidzakane kudzuka pamphasa, pepala lija silidzapita kuntchito m'malo mwake. Chodabwitsa n'chakuti chuma choyambacho chimasamalidwa usana ndi usiku, pamene chachiwiricho chimasiyidwa kuti chizidzionera chokha. Mlimi wanzeru amanola khasu lake ndi kulikhomera bwino mumpini mvula isanagwe. Koma khasu loyamba la munthu aliyense, limene limagwira makasu ena onse, ndi thupi lake.

Dera la Makwasa, m'boma la Thyolo, ndi dziko la zitunda ndi zigwa. Msewu wochokera ku Thyolo kulowera ku Thekerani umadutsa pakati pa minda ya tiyi, ndipo pafupifupi njira iliyonse yopatuka mumsewuwo imakwera kapena kutsika. Tiyi adayamba kuyesedwa ku Blantyre m'chaka cha 1878, adakhazikika ku Mulanje m'chaka cha 1891, ndipo ku Thyolo adayamba kudzalidwa cha m'ma 1908. Kuyambira nthawi imeneyo mibadwo ya anthu a m'derali yakhala ikudya za msana ndi miyendo yawo. Wothyola tiyi amaimirira pakati pa mizere kuyambira m'mamawa, atawerama pang'ono pamwamba pa zitsamba zofika m'chiuno, manja onse awiri akutola masamba anthete, pamene dengu la kumsana likulemerera ola ndi ola kufikira atakaliika pasikelo. M'miyezi ya mvula, kuyambira Disembala kufikira Epulo, masamba amaphuka msanga ndipo mgwazo suchedwa kubwerera. Akaweruka kumeneko, ntchito ya pakhomo imamudikira. Ndowa ya malita 20 imalemera makilogalamu 20 ikadzaza madzi, ndipo imakwera chitunda ili pamutu. Thumba la feteleza kapena la chimanga limalemera makilogalamu 50. Mtolo wa nkhuni, mwana kumsana, khasu m'dimba, zonsezi zimalipiridwa ndi thupi limodzi lomwelo.

Poona zimenezi, ambiri amaganiza kuti nkhani yolimbitsa thupi ndi ya anthu a m'tauni amene alibe chotopa nacho. Munthu wa kuesiteti amafunsa kuti iye angachitirenji masewera pamene thukuta amakhetsa tsiku lililonse. Funso limeneli ndi lomveka, ndipo liyenera kuyankhidwa mwaulemu, pakuti mwa ilo muli choonadi ndiponso muli cholakwika.

Choonadi chake n'chakuti thupi loyenda limaposa thupi lokhala. M'chaka cha 1953 dokotala wina wa ku Britain, Jeremy Morris, adafalitsa zimene adapeza pakati pa ogwira ntchito m'mabasi a mumzinda wa London. Madalaivala, amene ankakhala pampando tsiku lonse, ankadwala mtima kawirikawiri kuposa makondakitala, amene ankakwera ndi kutsika makwerero a mabasi osanjikizana aja. Kuchokera pamenepo akatswiri a zaumoyo akhala akutsimikiza mobwerezabwereza kuti kuyendayenda kumateteza mtima.

Cholakwika chake n'chakuti kutopa ndi kulimba ndi zinthu ziwiri zosiyana. Akatswiri ena, mmodzi mwa iwo Andreas Holtermann wa ku Denmark, adalemba m'chaka cha 2018 kuti ntchito yolemetsa ya tsiku lonse sipatsa thupi phindu lofanana ndi limene masewera amapereka. Zifukwa zake n'zosavuta kuzimva. Ntchito yolembedwa imatenga maola ambiri popanda kupuma kokwanira. Imagwiritsa ntchito minofu yomweyomweyo m'njira yomweyomweyo. Imasunga munthu atawerama kapena ataimirira malo amodzi. Ndipo imabwerezedwa mawa lake thupi lisanachire. Masewera abwino amachita zosiyana ndi zimenezi. Amatenga nthawi yochepa, amasinthasintha ziwalo, ndipo amatsatidwa ndi mpumulo umene minofu imakuliramo. Chifukwa chake munthu angathe kukhala wamphamvu m'manja koma wofooka m'chiuno, wopirira pothyola tiyi koma wouma msana kotero kuti kutola singano pansi kumamuliza.

Kumbali ina kuli gulu limene likukula chaka ndi chaka, ndipo achinyamata ophunzira ndiwo akulowamo. Awa ndi alembi a m'maofesi, ogulitsa m'magolosale, oyendetsa kabaza wa njinga zamoto, ndi aphunzitsi amene amachonga makope mpaka usiku. Kwa ambiri a iwo, kusiya khasu ndi chizindikiro chakuti sukulu yawapindulira, ndipo mimba ikayamba kutsogola amaiyesa umboni wa ulemu. Mtunda umene makolo awo ankauyenda pansi, iwo amaukwerera njinga yamoto. Chimanga chimene amayi awo ankasinja mumtondo, iwo amachipereka kuchigayo. Palibe amene angadandaule kuti moyo wapepuka, koma thupi limene lasiya ntchito popanda kupatsidwa china m'malo mwake limayamba kudwala mwakachetechete. Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo udachita mothandizana ndi bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO m'chaka cha 2009 adapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo oposa asanu pa anthu 100 alionse anali ndi nthenda ya shuga. Ambiri mwa anthu a vuto la magaziwo sankadziwa n'komwe kuti ali nalo. Bungwe lomweli lidalengeza kuti m'chaka cha 2022 anthu akuluakulu 31 pa 100 alionse pa dziko lapansi sankayendetsa matupi awo mokwanira.

Magulu awiriwa, wotopa ndi wokhala, amakumana pa mankhwala amodzi, ndiwo masewera olimbitsa thupi otsata ntchito za tsiku ndi tsiku. Njira imeneyi idachokera kwa akatswiri a m'zipatala amene amaphunzitsa ovulala kuyendanso. Iwo adaona kuti wodwala safuna mkono wonenepa wongoonetsa anthu, koma afuna kudzuka pampando, kukwera khonde, kunyamula mwana ndi kubwerera kuntchito yake. Motero m'malo molimbitsa mnofu umodzi paokha, amaphunzitsa thupi lonse mayendedwe amene moyo umafuna. Mayendedwewo ndi ochepa ndipo aliyense amawadziwa: kunjuta ndi kudzuka, kuwerama ndi kunyamula, kukankha, kukoka, kutembenuka, kuyenda ndi katundu, ndi kuima mosagwedera. Ntchito iliyonse ya ku Makwasa, kuyambira kupopa mjigo kufikira kukweza thumba panjinga, ndi msanganizo wa mayendedwe amenewa.

Ubwino waukulu wa masewerawa ndi wakuti safuna ndalama. Kunjuta ndi kudzuka kakhumi, mapazi atatalikirana ngati mapewa ndipo zidendene zili pansi, kumalimbitsa ntchafu ndi matako, zimene ndizo ziyenera kunyamula katundu m'malo mwa msana. Kukwera ndi kutsika pa sitepe ya khonde, mwendo uno kakhumi ndi winawo kakhumi, kumakonzekeretsa mawondo kuzitunda. Kugona chafufumimba ndi kudzikankha kuchoka pansi, kapena kukankha khoma kwa amene akungoyamba, kumalimbitsa chifuwa ndi mapewa. Kudzikoka panthambi yolimba ya mtengo kumalimbitsa minofu ya kumsana imene imawongola munthu wozolowera kuwerama. Kugona chagada, mawondo atapindidwa, ndi kukweza chiuno m'mwamba kumadzutsa minofu imene imagona mwa munthu wokhala pampando. Kuyenda ndi zigubu ziwiri za malita 5, china kudzanja lino china kudzanja linalo, msana uli chilili, kumaphunzitsa thupi kusenza mofanana mbali zonse. Kuima ndi mwendo umodzi kwa theka la mphindi, pafupi ndi khoma, kumaphunzitsa mapazi kusaterereka panjira yamatope. Zonsezi zimatha m'mphindi 20, ndipo kuzichita kawiri kapena katatu pa sabata n'kokwanira kwa woyamba. Akuluakulu adati pang'onopang'ono ndi mtolo. Wofuna kutsiriza zonse tsiku limodzi amadzuka ndi ululu nkuzisiya.

Muyeso wa masewera si wongopeka. M'chaka cha 2020 bungwe la WHO lidalangiza kuti munthu wamkulu aziyendetsa thupi mwa mphamvu yapakatikati kwa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, monga kuyenda mwandawala kapena kupalasa njinga, ndiponso azilimbitsa minofu yake masiku awiri kapena kuposerapo pa sabata. Ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 17 ayenera kupeza pafupifupi mphindi 60 tsiku lililonse. Okalamba a zaka 65 kupita m'tsogolo ayenera kuwonjezapo masewera ophunzitsa kuima mosagwedera masiku atatu pa sabata. Powerenga malangizowa, munthu aliyense ayenera kuona chimene chikumusowa. Wothyola tiyi mphindi zake zoyenda adazikwaniritsa kale. Chimene chikumusowa ndi kuwongola msana, kutambasula mapewa ndi chiuno, kulimbitsa minofu imene ntchito yake siifikira, ndi kupuma. Mlembi ndi mphunzitsi akusowa zonse ziwiri, kuyenda ndi kunyamula komwe.

Nkhani ya msana iyenera kutsindikidwa, popeza ndi pamene pagona chakudya cha mabanja ambiri. Bungwe la WHO lidawerenga kuti m'chaka cha 2020 anthu 619 miliyoni pa dziko lapansi anali ndi ululu wa m'munsi mwa msana, ndipo vutoli ndilo limalepheretsa anthu kugwira ntchito kuposa lina lililonse. Kwa munthu wolipidwa pa tsiku kapena pa kulemera kwa masamba amene wathyola, sabata imodzi yogona ndi msana ndi sabata ya ndiwo zopanda mchere ndi fizi yosalipidwa. Kale anthu ankakhulupirira kuti wodwala msana ayenera kugona mpaka ululu utatheratu. Lero madokotala amalangiza kuti, pokhapokha pakhale nthenda ina yaikulu, wodwalayo aziyendayenda monga angathere. Kafukufuku wa ku Australia amene adafalitsidwa m'chaka cha 2024, wokhudza anthu 701 amene anali atangochira msana, adaonetsa kuti amene adatsata ndondomeko yoyenda pansi ndi kulandira malangizo adakhala masiku pafupifupi 208 ululu usanabwerere, pamene anzawo adakhala masiku 112 okha. Ponyamula katundu, nzeru yake ndi yakale: kuyandikira katunduyo, kupinda mawondo, kumusunga pafupi ndi thupi, ndi kutembenuka ndi mapazi osati kupotoza chiuno. Thumba la makilogalamu 50 ndi la anthu awiri kapena la wilibala. Mutu umodzi susenza denga, ndipo msana umodzi suyenera kuyesedwa ngolo.

Phindu lina la masewerawa limaoneka mochedwa, koma ndilo lalikulu koposa. Munthu akapitirira zaka 30 minofu yake imayamba kuchepa pang'onopang'ono, ndipo akafika zaka 60 kuchepako kumafulumira, makamaka mwa amene sailimbitsa. Kumudzi, kumene anthu amakhala pamphasa, kuphika pamafuwa ndi kugwiritsa ntchito chimbudzi chokumba, nkhalamba imene yalephera kunjuta ndi kudzuka yokha yataya ufulu wake. Imayamba kudikira mdzukulu kuti aidzutse, ndipo mdzukuluyo, amene kawirikawiri amakhala mtsikana, amajomba kusukulu. Kugwa nakonso ndi ngozi yoopsa: bungwe la WHO limawerenga kuti anthu pafupifupi 684,000 amafa chaka chilichonse chifukwa cha kugwa, ndipo ambiri mwa iwo ndi opitirira zaka 60. Mphamvu zimene munthu adzadalire ali ndi zaka 70 zimasungidwa ali ndi zaka 20, 30 ndi 40, monga momwe chimanga cha mwezi wa Febuluwale chimasungidwira pa nthawi yokolola.

Anthu a ku Thyolo sayenera kuona nkhaniyi ngati yachilendo. Gule wa tchopa, amene Alhomwe amavina ku Thyolo, Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu, ndipo bungwe la UNESCO lidamulemba pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu m'chaka cha 2014, amafuna miyendo yolimba, chiuno chofewa ndi mpweya wokhalitsa, ndipo ovina ena amavina atasenza katundu kumsana. Masewera a ana monga fulaye, jingo ndi chipako amaphunzitsa kudumpha, kuzinda, kutembenuka msanga ndi kutera bwino pansi. Mpira wamiyendo ndi wa ntchemberembaye pa mabwalo a m'maesiteti ndi m'masukulu umachita chimodzimodzi. Ku Mulanje, mpikisano wa chaka ndi chaka wa onyamula katundu wa alendo paphiri umaonetsa poyera chimene thupi lozolowera zitunda lingathe kuchita. Chatsopano m'nkhaniyi ndi dongosolo lokha: kuchita mwadala, mobwereza ndi mwa muyeso zimene makolo ankachita mwa chizolowezi.

Komabe pali malire amene ayenera kunenedwa mosabisa. Masewera salowa m'malo mwa chakudya. Mnofu umamangidwa ndi nyemba, nandolo, mtedza, soya, usipa, mazira ndi mkaka, ndipo munthu wogonera nsima ya ndiwo zamasamba zokha sangalimbe ngakhale atanjuta kangati. Masewera salowanso m'malo mwa chilungamo pa ntchito. Dziko la Malawi lili ndi lamulo la m'chaka cha 1997 loteteza moyo ndi umoyo wa anthu pa malo a ntchito, ndipo limaika udindo pa wolemba ntchito. Katundu wopitirira muyeso, maola opanda mpumulo ndi zida zosayenera sizikonzedwa ndi kuwongola msana m'mawa; zimakonzedwa ndi olemba ntchito, makapitawo ndi mabungwe a apantchito. Kungakhale kulakwa kwakukulu kuuza munthu wovulala chifukwa cha katundu wosayenera kuti wavulala chifukwa sachita masewera. Ndiponso ana, amene mafupa awo akukulabe, sayenera kusenzetsedwa katundu wa akulu ponamizira kuwalimbitsa.

Chenjezo lina ndi la odwala. Munthu womva kupweteka pachifuwa, chizungulire kapena kubanika kosazolowereka pochita masewera ayenera kuleka pomwepo ndi kupita kuchipatala. Chimodzimodzi amene msana wake ukupweteka pamodzi ndi dzanzi kapena kufooka kwa miyendo, kutentha thupi, kuwonda, kapena kulephera kusunga mkodzo. Zizindikiro zotere sizichizidwa ndi masewera. Amayi oyembekezera ndi anthu amene akumwa mankhwala a mtima kapena a shuga ayenera kuyamba afunsa kuchipatala. Anthu a ku Makwasa ali ndi mwayi wokhala pafupi ndi chipatala cha Malamulo, pa mishoni imene idayamba m'chaka cha 1902, pomwenso pali sukulu yophunzitsa ntchito zachipatala. Ndipo chipatala cha boma cha Thyolo sichili kutali. Kuyezetsa kuthamanga kwa magazi kumatenga mphindi zochepa, ndipo safunsa adadya phula.

Udindo waukulu pa nkhaniyi uli m'manja mwa aphunzitsi. M'masukulu a pulayimale maphunziro olimbitsa thupi adaphatikizidwa ndi nyimbo ndi luso la manja m'phunziro limodzi, ndipo mayeso akayandikira, nthawi yopita kubwalo ndiyo imayamba kubedwa kuti ana abwereze masamu ndi Chingerezi. Cholinga chake n'chabwino, koma malonda ake ndi oluza, pakuti mwana amene wathamanga ndi kutuluka thukuta amabwerera m'kalasi ali maso, pamene amene wakhala pansi kuyambira m'mawa amasinza pa phunziro lomwe amamusungiralo. Sukulu sifunika zitsulo kapena nyumba yapadera. Bwalo, chingwe, mpira wachikulunga, sitepe ya kalasi ndi mphunzitsi wodziwa chimene akuchita n'zokwanira. Mphunzitsi angaphunzitse ana kanyamulidwe kabwino pogwiritsa ntchito ndowa yomwe amakolopera m'kalasi. Ayeneranso kuonetsetsa kuti atsikana sakutsalira pakhonde pamene anyamata atenga bwalo lonse, popeza atsikanawo ndiwo adzasenze madzi, nkhuni ndi ana kwa zaka zambiri. Choposa zonse, aphunzitsi aleke kugwiritsa ntchito masewera ngati chilango. Mwana amene amadumphitsidwa ngati chule chifukwa chochedwa amakula akudana ndi chinthu chimene chikadamusunga. Mmera mpoyamba.

Kwa achinyamata amene atsiriza sukulu ndipo akudikira zotsatira za mayeso kapena mayankho a makalata ofunsira ntchito, miyezi yodikirayi ndi yoopsa ndiponso ndi ya mwayi. Ndi yoopsa chifukwa tsiku lopanda dongosolo limathera pa bawo, pa foni ndi pa tchezo la kachasu. Ndi ya mwayi chifukwa nthawi yotere sidzapezekanso. Ofuna kulowa usilikali kapena upolisi amayesedwa thupi asanalembedwe, ndipo liwiro silipezeka sabata imodzi. Ofuna unamwino adzatembenuza odwala pabedi. Ofuna umakaniki, ukalipentala kapena zomangamanga adzanyamula zitsulo, matabwa ndi simenti. Obwerera kumunda adzagwira khasu. Achinyamata asanu kapena khumi a mudzi umodzi angathe kupangana kukumana pabwalo la sukulu m'mamawa katatu pa sabata, kuthamanga chitunda chimodzi, kuchita masewera atchulidwa aja, ndi kubalalika dzuwa lisanakwere. Gulu lotere limasunga thupi, limapeputsa nkhawa ya ulova, ndipo limazoloweretsa munthu kusunga nthawi, khalidwe limene wolemba ntchito aliyense amalifuna.

Makwasa adamangidwa ndi misana ya anthu, ndipo tiyi wochokera m'zitunda zake wamwedwa m'maiko akutali kwa zaka zambirimbiri. Mbadwo umene ukutuluka m'masukulu lero uli ndi chidziwitso chimene agogo awo adalibe: ukudziwa chimene chimathyola msana, chimene chimakweza magazi, ndi chimene chimasunga nkhalamba ili chilili. Mphunzitsi amene abweza nthawi ya kubwalo pa ndandanda ya maphunziro sabata ino, ndi wachinyamata amene ayamba mawa m'mawa ndi kunjuta kakhumi pakhonde la kwawo, adzakhala atayamba ntchito imene phindu lake adzalidya kwa zaka 50 zikubwerazo.